Manja a Mwana wa Wometa

Amene anawalakwira a Chipeso, wometa tsitsi wa kuseri kwa depoti ya mabasi, anali mphunzitsi wa mwana wawo. Anachita zimenezo Loweruka lina masana, m'holo yodzaza anthu, chaka chimene mwanayo anayamba sekondale. Sanawamenye ndipo sanawabere kanthu. Anangotenga maikolofoni n'kulankhula, uku akumwetulira.

A Chipeso analandira dzinalo chifukwa cha kachipeso kakuda kamene sikankachoka m'thumba la malaya awo, ngakhale popita kumaliro. Malo awo ometera anali kachipinda kamodzi. Munali mpando wozungulira wong'ambika chikopa, galasi lalikulu lothothoka m'mbali, benchi ya odikira, ndi shelefu ya makina, sizasi, sopo ndi malezala. Chimene anthu ankawatamanda nacho chinali kumeta ndevu. Mwamuna ankakhala pampandopo, n'kugoneka mutu chagada, n'kuwapatsa khosi lake lonse. Ena ankafika pogona tulo lezala ili pammero. Mkulu wina wopala matabwa, amene onse ankangomutchula kuti a Kalipentala, ankati iye amabwera kudzagona, kumetako n'kongowonjezera.

Koma a Chipeso anali ndi chinthu chimene ankabisa. Zaka zingapo m'mbuyomo, akukhala m'tauni ina, anadwala matenda a maganizo. Tulo tinawathawa, anayamba kumva anthu akuwaitana pamene panalibe munthu, ndipo tsiku lina anasiya kasitomala ali ndi sopo kumaso n'kulowa mumsewu opanda nsapato. Achibale anawagwira, kuwamanga ndi chingwe n'kupita nawo kuchipatala. Anachira bwinobwino. Atabwerera anatsegulanso malo awo, koma anthu ankangowapatsa moni ataima pakhomo. Palibe anafuna kupereka khosi kwa munthu amene anamangidwapo ndi chingwe. N'chifukwa chake anasamuka ndi banja lawo, kubwera kumene sankadziwika. M'mawa uliwonse ankameza piritsi lawo chitseko chili chotseka, ndipo tsiku lopita kuchipatala ankauza makasitomala kuti akukanoletsa makina.

Mwana anali naye mmodzi, wamkazi. Ankamutcha Kawayilesi, chifukwa kunyumba pakamwa pake sipankazima. Mayi ake ankati akanadziwa pamene pali batani, bwenzi akumuthimitsa nthawi ya chakudya. Koma pagulu ankasanduka munthu wina. Akamuloza m'kalasi mawu ankamuthawa.

Kusukulu kwake kunali mphunzitsi wachinyamata wolankhula mosalala, wosavula tayi ngakhale kutenthe bwanji. Ana anamutcha a Tayi. Iwowa anayambitsa kalabu yosimba nkhani, n'kusankha Kawayilesi kuti akaimire sukulu pampikisano wa achinyamata. Mutu wa mpikisanowo unali wa munthu amene anagwa n'kudzukanso. Wina asanene kuti a Tayi sankaidziwa ntchito. Ankaidziwa. Anamuphunzitsa mwanayo kupuma mozama asanatsegule pakamwa, ndi kuyang'ana khoma la kumbuyo maso a anthu akamamuopsa. Anamuletsa kuloweza mawu. Anati aloweze zithunzi, kuti akaiwala liwu asaiwale njira ya nkhani. Koposa zonse ankanenetsa kuti manja asamalendewere ngati a chidole. Chimene munthu wa m'nkhani akuchita, manja a wosimba azichita.

Kawayilesi ankayeserera masana akaweruka, pagalasi la bambo ake, makasitomala akachepa. Nkhani yake yoyamba inali ya mnyamata wolephera mayeso amene anadzakhoza pambuyo pake. A Tayi anaikana. Anati ndi youma, ilibe magazi, ndipo oweruza adzangoyasamula. Anamuuza kuti abweretse nkhani ya kwawo, imene akaiganiza m'mimba mumatentha.

Tsiku lina a Chipeso akusesa tsitsi pansi, anamva mwanayo akuuza galasi kuti, "Panali munthu wina wometa tsitsi amene tulo tinamuthawa." Tsache linaima. Anasuzumira panja kaye kuona ngati pali munthu, kenako anakoka chitseko. Anamufunsa chonong'ona kuti zimenezo anamuuza ndani.

"Palibe anandiuza, ababa. Ndinalipo. Ndine ndinkakuthamangirani ndi nsapato zanu m'manja."

Iwo ankaganiza kuti nthawi imeneyo mwanayo anali wamng'ono kwambiri moti sangakumbuke. Koma ankakumbuka zonse, mtundu wa chingwe, galu wa aneba amene ankauwa, ndiponso kuti nsapato imodzi inamugwera m'ngalande, ndipo atabwerera kukaitola anapeza galimoto yowatengera bambo ake kuchipatala yanyamuka kale. Zaka zonsezo anazisunga yekha mumtima. A Chipeso anakhala pa benchi ya makasitomala. Anamuuza kuti nkhani imeneyo asadzaitchulenso, pagalasi kapena pena paliponse.

Mkazi wawo atamva, mantha ake anaposa awo. Iye ndiye anakulunga mbale m'zovala tsiku losamuka lija, ndipo sankafuna kukulunganso. Maganizo ake anali akuti mwanayo achotsedwe m'kalabumo, ndipo auzidwe kuti zimene akukumbukazo analota, bambo ake anangodwala malungo aakulu basi. Anati akamamuuza choncho tsiku ndi tsiku adzakhulupirira. A Chipeso sanavomere ndipo sanakane. Masiku amenewo Kawayilesi ankadya atazolika, osayankhula.

Tsiku lachipatala linafika sabata yomweyo. Namwino amene ankawapatsa mankhwala anali mayi wachikulire wovala magalasi, wosapupuluma. Anaona kuti bamboyo ali ndi nkhawa, ndipo anafunsa ngati akugona bwino. A Chipeso anafotokoza zonse, ndi za mkazi wawo zomwe.

"Bambo, mwana musamunamize," anatero namwinoyo. "Anaona ndi maso ake. Mukamuuza kuti analota, ayamba kukayikira mutu wake, ndipo inu mukudziwa kuwawa kwake kwa kukayikira mutu wako. Matenda anuwa ndi matenda ngati shuga kapena mphumu. Mukumwa mankhwala, muli bwino. Ine ndikanakhala ndi ndevu, bwenzi mukundimeta ndinu."

A Chipeso anaseka pang'ono, koyamba sabata imeneyo. Namwinoyo anapitiriza kuti nkhaniyo ili ndi eni ake awiri. Mwana ali ndi mbali yake, ya nsapato ija, ndipo kuisunga yekha kwamulemera. Bambo ali ndi yawo, ya chingwe.

"Palibe amene ali ndi ufulu woulula matenda anu inu musanalole. Ngakhale ine, ngakhale mwana wanu, ngakhale mphunzitsi. Mukafuna kukana, kanani, koma mumuuze chifukwa chake. Mukafuna kumulola, asinthe ntchito ya munthuyo, asinthe malo, asinthe mwana, kuti womva aphunzire koma asapeze woloza chala."

A Chipeso anaganizira zimenezo njira yonse. Atafika anamuitana Kawayilesi m'kachipinda kometera muja, n'kumuuza zoona zake za matendawo, za mankhwala, ndi chifukwa chimene anasamukira. Kenako anamulola, koma anamuuza kuti wometa asakhalemo m'nkhanimo. Mwanayo anasankha yekha kuti akhale wosoka nsapato, chifukwa anati anthu adzamva chisoni kuona wosoka nsapato akuyenda wopanda nsapato. Mtsikana wonyamula nsapato uja anamusandutsa kamnyamata. Mkazi wawo anapukusa mutu n'kunena kuti, "Bambo a Kawayilesi, tsiku lina mudzandikumbuka," koma analola.

Kuyambira pamenepo a Chipeso ndiwo anakhala gulu la omvera. Ankatseka chitseko, kukhala pa benchi, mwana n'kuima pagalasi. Akathamangitsa mawu ankamuuza kuti, "Tsitsa liwiro, iwe, si basi yomaliza iyi." Akafika pa nsapato yogwera m'ngalande, iwo ankayang'ana pansi. Kumapeto kwa nkhaniyo, wosoka nsapato atachira, kunabwera kasitomala mmodzi amene anakhala pansi mosaopa n'kumupatsa ntchito. Mbali imeneyo mwanayo anawonjezera yekha, chifukwa m'tauni muja kasitomala woteroyo sanabwere.

Apa m'pamene panali cholakwa chimene onse atatu sanachione. Akafika polandira kasitomala uja, manja a Kawayilesi ankakutumula nsalu m'mwamba, kuikulunga pakhosi pa munthu wosaoneka, kumukweza chibwano ndi zala ziwiri, n'kumuuzira kumbuyo kwa khutu. Mwana anakulira pansi pa mpando wometera, ndipo manja ake sankadziwa njira ina yolandirira kasitomala. A Chipeso ankaona zimenezo tsiku ndi tsiku osapezapo vuto, chifukwa kwa iwo umo ndi mmene munthu amagwirira ntchito. Mkazi wawonso anaonera, n'kungonena kuti mwanayo aziwongola msana.

Amene anaona anali a Tayi, tsiku loyeserera pamaso pa kalabu yonse. Anamuimitsa pakati. "Taima kaye. Wosoka nsapato wakoyu, bwanji akumugwira kasitomala pachibwano? Kwanuko nsapato mumavala kumutu?" Ana anaseka mpaka kugwirana mapewa. Enawo atatuluka, a Tayi anamutsaliritsa, n'kumufunsa ndi mawu ofewa ngati bambo ake si ometa aja a kudepoti. Kawayilesi analira, ndipo polirapo ananena zonse.

Masana amenewo a Chipeso anali kumeta a Kalipentala, amene anali atagona kale, pakamwa yasa. Anaona nkhope ya mwana wawo pagalasi ataima pakhomo, ndipo anadziwa asanauzidwe. Anachotsa lezala pammero pa mkuluyo n'kuima kaye. Anamaliza ntchito, kuwaperekeza a Kalipentala mpaka pakhomo, n'kumva zimene mwana anabwera nazo. Sanamukalipire.

M'mawa mwake sanatsegule. Anavala jekete n'kupita kusukulu, kukaima pafupi ndi ofesi ya aphunzitsi ngati mwana wolakwa. A Tayi anatuluka, kuwalonjera ndi manja awiri, kuwatchula kuti bambo athu, n'kuwatengera pamthunzi.

"Bambo, kodi mukudziwa kuti ndinu ngwazi? Anthu atamva kuti munthu wa m'nkhaniyo ndi inu, angakunyamuleni m'mwamba. Ndipo oweruza amakonda nkhani yoona. Chikho chingabwere kuno popanda kulimbana."

"Aphunzitsi, ine ndimagwira lezala pakhosi pa anthu. M'manja amawomba, koma khosi sapereka. Ndinazionapo kale zimenezi. Ndapota nanu, zithere pompano."

A Tayi anaika dzanja pachifuwa, pamwamba pa tayi yawo. "Zathera pano, bambo. Pakamwa panga ndatseka."

A Chipeso anathokoza n'kubwerera, koma mantha sanatsale kusukuluko. Anabwerera nawo. Pamoyo wawo anamvapo malonjezo ambiri a anthu olankhula mosalala, ndipo sanakumbuke limodzi limene linapirira mpaka sabata yotsatira.

Masiku otsalawo anakonza manja a mwana. Kawayilesi ankakakhala pafupi ndi wosoka nsapato weniweni wa pakona ya msika, kuonerera mmene amapanira nsapato pakati pa mawondo, mmene amaboolera, ndi mmene amakokera ulusi uku ndi uku. Akabwerera ankayeserera ndi nsapato yakale ya bambo ake mpaka zala zitazolowera. Pamene mwana ankakonza manja, bambo ankawerenga nkhope. Aliyense wolowa ankamuyang'ana m'maso kuti aone ngati wamva. Tsiku lina kondakitala wina, poona kuti mbali imodzi ya tsitsi yatsika kuposa inzake, anaseka n'kunena kuti, "Madala, mwapenga kodi lero?" Makina anangotsala pang'ono kuwagwa m'manja. Mnyamatayo sankadziwa kanthu, ankangocheza.

Mkazi wawo anati Loweruka la mpikisano iwo asapiteko, akhale pantchito ngati tsiku lina lililonse. Koma Kawayilesi anachonderera. Anati khoma la kumbuyo silimuthandiza, chifukwa khoma silimugwedezera mutu. Bambo ake akakhala kumbuyo kwenikweni, iye adzayang'ana iwo, ndipo mawu sadzamuthawa. A Chipeso sanathe kumukaniza.

Holoyo inali yotentha, mazenera aatali, mipando yapulasitiki yothinana. A Chipeso anakhala pamzere womaliza, pafupi ndi chitseko. Atakweza maso anaona a Kalipentala, amene mdzukulu wawo ankaimira sukulu ina. Anaonanso kondakitala uja, ndi mayi wina amene ankabweretsa ana ake aamuna kudzameta mwezi ukatha. Onse anawakwezera manja. Iwo anakwezanso.

Ana anasimba mmodzimmodzi. Wina anaiwala pakati n'kutsika akulira. Wina anakuwa kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Atatchula sukulu ya Kawayilesi, mwanayo anakwera n'kuima pakati pa nsanja, ndipo mawu sanatuluke. Anthu anayamba kutsokomola ndi kukoka mipando. A Chipeso anaona maso a mwana akuwafunafuna, ndipo atawapeza, iwo anagwedeza mutu kamodzi. Kawayilesi anapuma mozama n'kuyamba.

"Panali munthu wina wosoka nsapato amene tulo tinamuthawa."

Sanathamange. Anamuonetsa munthuyo akutembenuka kuyankha mawu amene ena sankawamva. Anamuonetsa akulowa mumsewu, phula likumuwotcha mapazi. Atafika pa kamnyamata kothamanga ndi nsapato m'manja, anagwada pansanjapo n'kupisa dzanja m'ngalande imene panalibe, ndipo podzuka anayang'ana galimoto ikupita. Mayi wa ana aamuna uja ankapukuta maso ndi mpango. A Chipeso sankamvetsera mawu, ankayang'ana manja. Kenako nkhani inafika pa kasitomala womaliza. Manja a mwana ananyamuka, n'kutenga nsapato, kuipana pakati pa mawondo, kuboola, kukoka ulusi uku ndi uku. Chibwano sanachigwire. Anthu anawomba m'manja ataimirira, ndipo a Chipeso anaganiza kuti apulumuka.

Pambuyo pake anakwera mnyamata wa sukulu ina, ndi nkhani ya mlongo wake wolumala mwendo amene anaphunzira kutchova njinga. Nayenso anasimba bwino, ndipo pomaliza analoza mlongo wakeyo, amene anabwera dala n'kuimirira yekha akuseka. Oweruza anagundanitsa mitu nthawi yaitali. Zinaonekeratu kuti akulimbana pa ana awiriwa. Poti anthu asatope, woyendetsa mwambo anapempha mphunzitsi aliyense kuti anenepo mawu ochepa za kalabu yake.

A Tayi anakwera, kukonza tayi, n'kuyang'ana kwa oweruza. Anathokoza akuluakulu onse. Kenako anati pali chinthu chimene anthu ayenera kudziwa, chakuti nkhani ya mtsikana wawo si yopeka.

"Munthu wa m'nkhaniyo si wosoka nsapato ayi. Ndi bambo ake enieni a mwanayu, ndipo ambiri a inu amakumetani. Anadwala misala, anamangidwa, anachira, ndipo lero ali nafe. Ali kumbuyo uko. Bambo, taimirirani tikuwombereni m'manja."

Mitu yonse inatembenuka. Chitseko chinali pafupi, koma miyendo yawo sinapite kuchitseko. Inangowaimiritsa, monga imachitira miyendo ya munthu wosauka akamuuza wovala tayi kuti aimirire. Anthu anawomba m'manja kwambiri, ena kuimba mluzu. A Chipeso anaona a Kalipentala akuwomba nawo, kenako dzanja lawo limodzi likukwera pang'onopang'ono kukagwira pammero. Pansanja, Kawayilesi anali ataphimba nkhope. Chikho chinapita kusukulu ya a Tayi.

Lolemba a Chipeso anatsegula molawirira, kupukuta galasi, kuyala malezala. Kondakitala uja anadutsa, kuwapatsa moni ali pakhomo, n'kunena kuti abwera madzulo. Sanabwere. Mayi wa ana aamuna anafika mpaka pakhonde, kuwauza kuti nkhani ija inamuliza, kuti Mulungu ndi wamkulu, kenako anakokera ana ake kwa wometa wina wa kutsidya kwa msewu. A Kalipentala anabwera patapita masiku, ndevu zitakula. Anakhala pampando n'kunena kuti lero angometa ndi makina, lezala ikuwatulutsa zidzolo masiku ano. Sanagone. Maso awo anali pagalasi, kutsatira dzanja la a Chipeso kulikonse kumene linkapita. Ana a sukulu akamadutsa ankasuzumira n'kuthawa akuseka.

Namwino uja atamva, anabwera tsiku lake lopuma ndi mwamuna wake, bambo wa ndevu zambiri. Anamukhazika pampando, kupempha kuti chitseko chikhale chotsegula, n'kunena kuti amumete ndi lezala. Anthu a padepoti anaunjikana pakhomo kudzaonerera. Mayiyo anawalankhula ataima pakhonde. Anati matenda a maganizo angagwire aliyense wa iwo, amachiritsika, ndipo munthu amene akumwa mankhwala ake amagwira ntchito ngati wina aliyense. Anawafunsa kuti zaka zonsezi ndani wa iwo anachekedwapo pampando umenewo. Panalibe ndi mmodzi yemwe. Ananenanso kuti chimene chinachitika m'holo chinali cholakwa, chifukwa matenda a munthu amaulula mwini wake, pa nthawi yake, kwa amene wamusankha. Anthu anavomera ndi mitu, ena n'kunena kuti mayiwa akunena zoona. Mwamuna wake anadzuka nkhope ili see. Sabata imeneyo anabwerera anthu ochepa, onse a makina. Benchi ya odikira inakhala yopanda munthu, ndipo mkazi wa a Chipeso anayamba kufunsa m'masitolo ngati ali ndi makatoni otsala olongedzeramo katundu.

Kawayilesi anakana kupita kumpikisano waukulu wotsatira. Kunyumba ankayankha zimene wafunsidwa basi. Tsiku lina anauza bambo ake kuti iye ndiye anawagulitsa, ndi manja ake. A Chipeso anamugwira manjawo n'kumuuza kuti iye anachita zonse zimene anagwirizana, anapempha, anasintha, ndipo pansanja sanalakwitse ngakhale chala chimodzi. Mwanayo anamva, koma wayilesi sinayakenso.

A Chipeso anavalanso jekete n'kupita kusukulu. A Tayi anawalandira ndi manja awiri ngati kale, ndipo anadabwa kumva kuti pali dandaulo.

"Koma bambo, ine ndinakuchitirani zabwino. Simunamve mmene anthu anawombera m'manja? Mwathandiza ambiri. Ndi nkhani ya manyazi chabe imeneyi, itha."

"Munalonjeza, aphunzitsi. Munagwira pachifuwa."

A Tayi anayang'ana wotchi n'kunena kuti belu lalira. A Chipeso anakaonana ndi mphunzitsi wamkulu, amene anamvetsera uku akusanja mapepala, n'kunena kuti mawu anatuluka kale, sangabwezedwe, ndipo cholinga cha mnzawoyo chinali chabwino. Kumbuyo kwake, m'kabati yagalasi, munali chikho chija, chopukutidwa bwino.

Phunziro: Nkhani ya kunyumba ili ndi eni ake, ndipo wosimba ndi mmodzi chabe mwa iwo. Mwana asanakwere nayo pansanja apemphe kaye, ndipo mwini wake akati dzina langa lisatuluke, lisatuluke, ngakhale chikho chili pafupi. Mphunzitsi amene mwana wamuuza chinsinsi akulira achisunge. Enafe amene timawomba m'manja Loweruka, Lolemba tizipitanso kukakhala pampando, chifukwa munthu wochira matenda a maganizo ndi wochira.

Chaka chisanathe, a Tayi anasankhidwa kuyang'anira makalabu osimba nkhani a masukulu onse ozungulira. Popita kuntchito amadutsa kuseri kwa depoti, pakhomo pa kachipinda kaja, pamene a Chipeso anasamukapo, ndipo tsopano pali munthu wogulitsa mafoni. Sanapepese.